Nthano ya mayi wolakalaka mwana: kodi ndipitirize kumuwerengera mwana amene ndikulera?

Mayi wa ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu, analemba kuti:

Moni nonse a pabwalo lino. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa milungu iwiri, ndipo ndikupempha nzeru makamaka kwa aphunzitsi, makolo ndi onse amene amawerengera ana mabuku.

Ine ndi amuna anga tili m'banja zaka 9 ndipo sitinaonepo mphatso ya mwana. Pakhomo pathu tikulera mwana wamkazi wa mchimwene wanga, wa zaka 6, amene anabwera kwathu mayi ake atamwalira zaka ziwiri zapitazo. Amanditchula azakhali, ndipo masiku ena amati ankhazi, m'Chitumbuka, potengera anzake amene amasewera nawo. Mwezi watha ndinamugulira buku la zithunzi pa mulu wa mabuku akale amene amayalidwa pansi pafupi ndi msika waukulu. Chikuto chake n'chong'ambika pakona, ndipo mkati muli dzina la mwana wina wakunja lolembedwa ndi pensulo, koma zithunzi zake n'zokongola kwambiri. Ndi nthano ya Thumbelina, yolembedwa m'Chingerezi chosavuta, ndipo ine ndimamufotokozera m'Chichewa tsamba lililonse tikamaona zithunzizo.

Patsamba loyamba pali mayi amene wakhala pawindo yekha, dzanja lili patsaya. Mawu ake akunena kuti mayiyo ankalakalaka mwana koma sankadziwa kumene angamupeze, choncho anapita kwa mfiti ina yokalamba imene inamupatsa njere ya barele. Anaibzala mumphika wamaluwa, panamera duwa, ndipo duwalo litatseguka munali kamtsikana kakang'ono ngati chala chachikulu cha m'manja. Usiku umene tinawerenga koyamba magetsi anali atazima, kunja kukuwaza kamvula kozizira kaja ka mu Julayi, ndipo tinakhala pafupi ndi mbaula tikuunika ndi foni. Mwanayo anayang'ana chithunzi cha mayi wa pawindo kwa nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti, "Azakhali, inunso mumakhala chonchi ine ndikapita kusukulu? Bwanji osapita kwa agogo awa kuti akupatseni njere?" Amuna anga anali pampando chapafupi, ndipo anadzuka mwakachetechete n'kulowa kuchipinda. Ine ndinangoti titembenuze tsamba.

Funso langa loyamba ndi limeneli: mwana wa zaka 6 akafunsa motero, munthu amamuyankha chiyani chimene chili choona koma chosamulemera? Sindikufuna kumunamiza, komanso sindikufuna kuti ayambe kudziona ngati wongotseka malo a mwana wina amene sanabwere.

Koma pali chachiwiri chimene chandivuta kuposa choyambacho. Nditawerenga bukulo ndekha mpaka kumapeto ndinapeza kuti mayi uja saonekanso. Chule akuba kamtsikanako usiku kali mtulo, ndipo kuyambira pamenepo nthano ikutsatira mwana yekhayo, kumtsinje, kwa mbewa, kwa mfuko, mpaka kudziko lofunda kumene akwatiwa ndi kalonga wa maluwa. Palibe tsamba ngakhale limodzi loonetsa mayi uja atadzuka m'mawa n'kupeza kabedi kali kopanda munthu. Ndinabwerera m'mbuyo kuwerenga manambala a masamba poganiza kuti mwina lina linathothoka, koma onse alipo. Munthu amene kulira kwake kunayambitsa nkhani yonse wangoiwalika. Mwanayu akufuna bukuli usiku uliwonse, ndipo ine ndikamafika patsamba lachitatu pakhosi pamandiuma. Kodi ndilibise, kapena pali njira yoliwerengera imene singavulaze iye ndi ine?

Mphunzitsi wopuma wa ku Chiputula anayankha kuti:

Mayi, zikomo chifukwa cholimba mtima kulemba nkhani imene ambiri amangofa nayo mumtima. Ndinaphunzitsa ana a m'makalasi oyambirira kwa zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni poyamba kuti palibe tsamba limene linathothoka. Nthano imeneyi inalembedwa ndi Hans Christian Andersen wa ku Denmark ndipo inasindikizidwa mu 1835, ndipo ngakhale m'nkhani yake yoyambirirayo mayi uja satchulidwanso mwana akangobedwa ndi chule. Kumapeto kwenikweni namzeze amene anapulumutsa kamtsikanako amabwerera ku Denmark, koma amakamanga chisa pamwamba pa windo la munthu wosimba nthano, ndipo ndi kwa iyeyo kumene amakafotokoza zonse. Kwa mayi uja sapitako. Mwaona chinthu chenicheni chimene owerenga ambiri sachiona, chifukwa ambiri amawerenga ndi maso a mwana, pamene inu mwawerenga ndi maso a mayi wa pawindo.

Nthano zoyamba ndi anthu olakalaka mwana zilipo pafupifupi kulikonse. Abale awiri a Grimm ku Germany anaika m'buku lawo la 1812 nthano ya Rapunzel, imene imayamba ndi banja limene linadikira mwana nthawi yaitali. Ku Japan kuli Momotaro, mnyamata amene nkhalamba ziwiri zopanda mwana zinamupeza m'chipatso choyandama pamtsinje. Ku Russia kuli nthano ya nkhalamba zimene zinaumba mtsikana ndi chipale chofewa, ndipo anakhala nazo mpaka kutentha kunamusungunula. Kwa Achaga a kuphiri la Kilimanjaro kuli ya mayi wamasiye amene zikho za m'munda mwake zinasanduka ana, ndipo zinabwerera kukhala zikho tsiku limene iye anapsa mtima n'kuwakumbutsa kuti iwo si anthu enieni. Mwa zambiri mwa nthanozi kulakalaka kwa kholo kuli ngati khomo lolowera basi, ndipo wosimba akalowa amalitseka.

Ndikufuna ndikhalitse pa nthano yathu ya mwana wadothi, chifukwa ndikuona kuti imachita zimene buku lanu lalephera. Agogo anga aakazi ankatisimbira tili pamoto nthawi yokolola itatha. Akati "Padangokhala", ife tinkayankha kuti "Tilitonse", ndipo ankayamba kuti kunali mayi amene anzake onse anali ndi ana kumbuyo koma iye ankapita kudambo yekha. Tsiku lina anakatapa dothi la mtapo, lomwe lija loumbira miphika, naumba mwana, namusalaza bwino ndi chikhatho, ndipo mwanayo anayamba kuyenda ndi kulankhula. Lamulo linali limodzi, lakuti asanyowe ndi mvula. Choncho tsiku lililonse mwana akapita kosewera, mayi ankagwira ntchito maso ali kumwamba, ndipo akangoona mtambo ukuda ankaima pabwalo n'kuyamba kuimba nyimbo yomuitana, mwanayo n'kuthamanga kufika m'nyumba madontho oyamba asanagwe. Agogo ankabwereza gawo limeneli katatu kapena kanayi, ulendo uliwonse mwana akupita kutali kuposa poyamba, ife tikuvomera nyimbo mitima ili m'mwamba. Tsiku lomaliza anzake anamutengera kutali kwambiri, ndipo mvula inamupeza panjira akuthamanga. Mayi anatuluka m'mvulamo kukamuchingamira, koma anangopeza dothi lofewa pakati pa njira.

Nthano imeneyi ndi yowawa kuposa ya m'buku lanu, ndipo sindikunena kuti mukamusimbire mwana wamasiye usiku uno. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mwa ife wosimba samusiya mayi. Amene akuimba ndi mayi, amene akuyang'ana mitambo ndi mayi, ndipo ana onse amene akhala pamoto amavomera nyimbo yake, kutanthauza kuti kwa kanthawi amakhala kumbali yake n'kumva mantha ake. Ndikukhulupirira kuti makolo athu ankasimba nthano imeneyi podziwa kuti m'mudzi uliwonse munali mayi wotere, ndipo ankafuna kuti ana asamuseke akamadutsa.

Ndiye langizo langa ndi lakuti bukulo musalibise. Mwana amene wafunsa funso ngati limenelo waona kale kuti m'nyumba muli chisoni china, ndipo mukabisa buku adzaganiza kuti iye ndi amene walakwa pofunsa. Liwerengeni monga mmene agogo ankasimbira, osati monga wowerenga nkhani pa wailesi. Nthano ya papepala si lamulo, ndipo inu muli ndi ufulu woima pa tsamba la chule n'kumufunsa kuti, kodi mayi uja atadzuka anachita chiyani? Ana amene ndinawaphunzitsa ankapereka mayankho amene ine sindikanawaganiza.

Mayi wa chigwirizano wa ku Mchengautuwa anayankha kuti:

Achemwali anga, ndakumvani ndipo ndikukupemphererani. Ndikulemekeza zimene aphunzitsi alemba, koma pa mfundo imodzi ndisiyana nawo. Kwa mwana wa ku Denmark mfiti yopereka njere ndi chinthu cha m'buku chabe, koma kwa mwana wa kuno si choncho. Tonse tikudziwa amayi amene agulitsa mbuzi ndi zitenje zawo kuti alipire asing'anga owalonjeza mwana, amwa mizu yowawa kwa miyezi, ndipo ena abwerako atadwala kapena atauzidwa kuti amene anawamanga ndi apongozi awo kapena mbale wawo, mabanja n'kudana mpaka lero. Mwana wanu wafunsa kale chifukwa chimene simupitira kwa agogo aja. Ndiye kuti waphunzira patsamba loyambalo kuti mwana amapezeka kwa munthu wamankhwala, ndipo kuti amene alibe mwana ndi amene sanayesetse. Zimenezi sindingazione ngati zazing'ono.

Ine ndikanakhala inu ndikanamusimbira za Hana, m'buku loyamba la Samueli. Mmenemo mayi wolakalaka mwana saiwalika. Timamuona akuputidwa ndi mkazi mnzake Penina chaka ndi chaka, akukana kudya, mwamuna wake Elikana akumufunsa ngati iye samuposera ana aamuna khumi, ndipo timamuona ku Silo akupemphera milomo yokha ikugwedera mpaka wansembe Eli kumuyesa woledzera. Samueli atabadwa n'kuleka kuyamwa, Hana anamupereka ku nyumba ya Mulungu monga analonjezera, koma nkhani siimutaya pamenepo. Imatiuza kuti chaka chilichonse ankamusokera kamwinjiro n'kupita nako popita kukapereka nsembe. Ndimaganizira mayi ameneyo akuyerekeza ndi manja msinkhu wa mwana amene sanamuone chaka chathunthu, kuti adziwe kutalika kwa nsalu yoti adule. Chimene mwachisowa m'buku lanu chili mmenemo.

Ndikudziwa kuti wina anganene kuti Hana pomaliza anabereka, pamene ena amapemphera moyo wonse osaona yankho lotero. N'zoona, ndipo sindikulonjezani chimene sindingathe kupereka. Koma ngati bukulo mulisunge, chonde muuzeni mwanayo momveka kuti gawo la mfitilo ndi lopeka.

Namwino wa ku Luwinga anayankha kuti:

Mayi, ine ndiyankhe funso lanu loyamba, lija la choti mumuuze mwana, chifukwa pa ntchito yanga ndimakumana ndi mabanja ambiri amene ali pa ulendo ngati wanu, ndipo ndaona kuti mawu amene ana amamva kunyumba ndi amene amadzawalankhula atakula.

Mwana wa zaka 6 safuna kufotokozeredwa zambiri. Mungamuuze kuti ana samera mumphika wamaluwa, amakula m'mimba mwa mayi, ndipo matupi a anthu ena, amuna kapena akazi, amavutika kuti zimenezi zichitike, monga mmene maso a anthu ena amavutikira kuona patali. Mungawonjezere kuti palibe amene analakwa, ndiponso kuti si ntchito yake kukonza vutoli. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri kwa mwana amene anataya kale mayi ake, chifukwa ana otere amafulumira kusenza chisoni cha akuluakulu. Ngati akufunsani ngati mumakhala ndi chisoni, muuzeni zoona kuti masiku ena mumakhala nacho, ndipo muuzeninso zoona zinazo, kuti iye akamalowa pakhomo kuchokera kusukulu mumasangalala.

Chimene chimandidandaulitsa ine m'mabuku amtunduwu n'chakuti pawindo amajambulapo mkazi yekha. Mwalemba kuti amuna anu anadzuka n'kulowa kuchipinda, ndipo ine pamenepo ndi pamene ndinaima powerenga. Iwonso funso lija linawalasa, koma palibe buku limene linawajambula. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko lonse amakumana ndi vuto losabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo achipatala amayamba kulitchula vuto pamene banja lakhala miyezi 12 likugona pamodzi popanda njira yolera koma mimba osaoneka. Vutoli limatha kukhala kwa mkazi, kwa mwamuna, kapena kwa onse awiri. Kwa amayi nthawi zambiri timapeza njira zodutsa mazira zitatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana amene sanachiritsidwe bwino, kapena matenda olowa m'chiberekero pambuyo popita padera kapena pobereka, ndipo ena amakhala ndi zotupa za m'chiberekero. Kwa ife okhala pafupi ndi nyanja tisaiwalenso likodzo, limene limatha kuwononga ziwalo zoberekera mwa akazi ndi amuna omwe. Kwa abambo mbewu imatha kukhala yochepa kapena yofooka ngakhale munthu ali wamphamvu bwinobwino m'nyumba, ndipo kuyeza kwake n'kosavuta poyerekeza ndi kwa amayi. Komabe amene amabwera pamzere kuchipatala ndi mkazi yekha, atanyamula kabuku kake ka kuchipatala kodzaza, pamene mwamuna sanayezedwepo n'kamodzi komwe.

Sindikulemba izi kuti ndikuphunzitseni za thupi lanu, chifukwa munthu amene wadikira zaka 9 amadziwa zambiri kuposa ife. Ndikulemba chifukwa mwana wanuyo tsiku lina adzamva pachitsime kapena pamaliro wina akutchula mayi wina kuti chumba, kapena bambo wina kuti gojo, ndipo mmene adzamvere mawu amenewo zidzachokera pa zimene munamuuza muli pafupi ndi mbaula. Pa za asing'anga ndikugwirizana ndi amayi a ku Mchengautuwa, ndipo ndaonapo amayi obwera mochedwa chifukwa anataya zaka kumeneko. Koma sindikuona kuti kuchotsa buku kungathandize. Chithunzi cha mfiti chija chakupatsani mpata wokamba naye nkhani imene ikanadzamupeza kwa anthu ena.

Bambo wa ku Zolozolo anayankha kuti:

Ine si mphunzitsi kapena wachipatala, ndine kalipentala, koma ndinaleredwa ndi azakhali anga amene sanabereke, ndiye ndalemba kuti mumve mbali ya mwana.

Ndinapita kwa iwo ndili ndi zaka 5. Kwathu kuno kumpoto, kumene mkazi amaloboledwa n'kukakhala kwa mwamuna, moyo wa mayi wopanda mwana ndi wovuta, ndipo azakhali anabwezedwa kwawo banja litatha chifukwa cha nkhani yomweyi. Amayi ena onse pamudzi ankaitanidwa ndi dzina la mwana wawo woyamba, koma iwo ankangoitanidwa ndi dzina la mtundu wawo mpaka imvi. Ndili mwana sindinkadziwa kuti zimenezi zinkawapweteka. Chimene ndinkadziwa n'chakuti panali nkhani ina m'nyumba imene sinkatchulidwa, ndipo alendo akaiyandikira azakhali ankanditumiza kukatunga madzi ngakhale mtsuko uli wodzaza. Popeza palibe amene anandifotokozera, ndinadzipangira yankho langa, lakuti iwo ankadikira mwana wawo weniweni, ndipo akadzabwera ine ndidzabwezedwa. Ndinakhala ndi mantha amenewo zaka zambiri. Ndinkabisa ndalama zachitsulo m'kachitini pansi pa nkhokwe kuti ndidzakhale ndi yokwerera basi tsiku limenelo.

Anthu amakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo azakhali anachitadi zimenezo, anandilipirira sukulu pogulitsa nthochi ndi chinangwa. Koma mawu amene ndinkawafuna anadzandiuza ndili kale ndi ana anga, iwo akudwala. Anati ankalakalaka kubereka, ndipo chilakolako chimenecho sichinathe, koma ine sindinali wogwirizira malo a munthu wina. Ndikanamva zimenezo ndili ndi zaka 6 ndikanagona tulo tabwino.

Choncho, Mayi, ndikamawerenga funso la mwana wanu ndikumvamo funso lina limene sanalitchule. Akufuna kudziwa kuti njere ija ikadzamera, iye adzagona kuti. Muyankheni limenelo poyamba. Za Denmark ndi za mfiti zidzabwera pambuyo.

Ndipo kwa amuna anu, ngati angalole, bukulo aliwerengeko iwo usiku wina. Mwana aone kuti nkhaniyi abambo sathawa.

Mayi wa ku Katoto analembanso kuti:

Ndikuthokozeni nonse. Ndawerenga mayankho anu kangapo, ndipo a bambo a ku Zolozolo ndinawawerengera amuna anga mokweza, chifukwa nkhani ya kachitini pansi pa nkhokwe inandiopsa. Sindinaganizepo kuti mwanayu angakhale akuwerengera masiku ake pakhomo pathu.

Loweruka madzulo ndinatenga bukulo ndekha iye asanapemphe. Tisanatsegule ndinamuuza kuti pano ndi kwawo, kaya mwana wina adzabadwa kaya sadzabadwa, ndipo bedi lake ndi lake. Sanayankhe kanthu, anangondigwira chala n'kunena kuti tiyambe. Pa tsamba la mfiti ndinachita monga mwa langizo la amayi a ku Mchengautuwa ndi anamwino, ndinamuuza kuti gawo limenelo ndi lopeka, kuti palibe munthu amene ali ndi njere yotero, ndiponso kuti matupi a anthu ena amavutika kubereka popanda wolakwa. Anandifunsa ngati zimapweteka ngati dzino. Ndinati ayi, zimapweteka ngati kusowa munthu, ndipo anati akudziwa.

Titafika pa chule ndinaima n'kumufunsa funso la aphunzitsi, kuti mayi uja atadzuka anachita chiyani. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti anafunafuna pansi pa bedi, m'dimba ndi kwa anthu oyandikana nawo, ndipo atalephera anasiya windo lotsegula usiku uliwonse ngakhale kunkazizira. Nditamuuza kuti m'nkhani yoyambirira namzeze anabwerera kudziko lomwelo koma anapita pawindo la munthu wina, anakwiya kwenikweni, nati namzezeyo anasochera nyumba. Lamulungu titabwera kutchalitchi anang'amba pepala pakati pa kope lake, najambula mayi ali pawindo, namzeze ali pa phewa lake, ndipo kukamwa kwa namzezeyo kuli kaduwa. Anandiuza kuti ndilembe pansi pake kuti, "Mwana wanu ali bwino, wakupatsani moni." Tinamata pepalalo mkati mwa chikuto chakumapeto ndi phala la ufa, ndipo tsopano akuti nthano siitha tisanawerenge tsamba limenelo.

Amuna anga sanafike powerenga bukulo, koma usiku umenewo sanadzuke pampando, ndipo ndi iwo amene anapanikiza pepalalo ndi Baibulo kuti liume mowongoka. Nkhani yoyezetsa taikamba patatha zaka zingapo tisanaitchule, ndipo sitinamalize.

Za Hana ndamusimbira kale, ndipo gawo la kamwinjiro analikonda. Ya mwana wadothi sindinayambe, chifukwa ndikuona kuti bala la mayi ake likadali laliwisi, ndipo kuno mvula sichedwa kugwa moti angayambe kuopa mitambo. Ndidikira akule pang'ono. Koma ndikufunitsitsa kuti akadzaimva adzaimve ndi nyimbo yake, ndipo ine sindikuidziwa. Aphunzitsi a ku Chiputula, ngati mukukumbukira mmene agogo anu ankaimbira, chonde ndilembereni mawu ake, ndipo ngati alipo wina amene anaimva nthano yomweyi m'vidokoni, nthano za Chitumbuka, ndingakonde kudziwa ngati kumenekonso mayi amatuluka m'mvula kukamuchingamira.